Tsiku Limene Ndinakonza Njinga ya Munthu Wachitsulo

Anzanga, pali matenda ena amene kuchipatala sawadziwa, ndipo anga ndi awa: sinditha kuona chitsulo chopindika n'kungodutsa. Ndine wowotcherera zitsulo, mageti, mawindo, ngolo, zonsezo, ndipo chaka chatha ndinasamuka ku Kapondo kudzatsegula kashedi kanga pa Boma ku Mchinji kuno. Koma mwezi wathunthu unatha anthu akungondilambalala ngati chitsa, ntchito zonse zikupita kwa amisiri odziwika kale. Mkazi wanga anali atayamba kunena zobwerera kumudzi kukalima fodya, ine mumtima ndikuti ayi, ndingopeza mpata umodzi wokha woti anthu aone manja anga, dzina limveke.

Mpatawo ndinaupeza Loweruka lina m'mawa, ndikuchokera kokonza chitseko cha tchalitchi, mashini ndi kajenereta zili pawilibala. Pabwalo la pafupi ndi pokwerera mabasi anali ataimikapo ziboliboli zatsopano, akuti chionetsero cha achinyamata aluso, zina zamiyala, zina zamitengo. Zimenezo sindinazilabadire. Chimene chinandiimitsa ndi munthu wachitsulo, wopangidwa ndi makasu akutha ndi matcheni, atakwera njinga yeniyeni yakale, pakaliyala atasanja matumba atatu a malata. Koma abale, njingayo! Tayala lakutsogolo lili m'mwamba, limu itapindika ngati chipewa chokhalidwa, mkuluyo atapendekera chagada, pachifuwa pali chibowo choti nkhonya n'kulowa, dzimbiri thupi lonse. Ndinati kalanga ine, lole ina yachigunda n'kuthawa.

Ndiye ndinati, nanga mwayi umaposa apa? Ndikonze ulere anthu onse akuona, eni ake akabwera athokoze, dzina langa likafike mpaka ku boda ya Zambia. Kufunsa? Ndifunse chiyani, wodwala ndikumuona ndi maso angawa?

Ndinayamba ndi limu, kuimenya ndi hamala mpaka inawongoka. Anyamata a kabaza anasonkhana, wina n'kuti, "Eee, koma madala awa ndi madolo!" Basi mutu unakula. Ndinadula kachidutswa ka lata n'kutseka chibowo chija, kusalaza ndi galainda, osaonekanso kuti panali bala. Penti wobiriwira wotsala kutchalitchi anali pawilibala pomwepo, ndinati dzimbirili likutichititsa manyazi kwa alendo, n'kumupaka mkuluyo kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Ndikanalekera pamenepo, bwenzi nditangotukwanidwa n'kumapita. Koma tayala lili m'mwamba lija linkandisowetsa mtendere, ndiponso matayala onse anali gwa, osazungulira. Ndinamasula, n'kuthiramo girisi. Munthu wanzeru zake angathire girisi m'chiboliboli? Ine ndinathira, wambirinso. Kenako ndinaona kuti kumbuyo anaiwotcherera kuchitsulo chozikika musimenti, ndinadula pamenepo, njinga n'kutera bwinobwino ndi matayala onse awiri.

Chotsala chinali kungoiwotchereranso kuti iime yokha. Ndisanagwire n'komwe chowotcherera, kajenereta kanatsokomola kawiri n'kuti zii, petulo watha. Tsono tangoganizani, bwalolo ndi lotsetsereka, chinjingacho n'cholemera, ine ndachigwira kukaliyala ndi manja awiri, ndikachisiya chipita. Ndikuti ndipemphe anyamata aja andigwirire, basi inali itangofika, onse athamangira makasitomala.

Nthawi yomweyo magalimoto awiri anaima. Munatsika akuluakulu ovala masuti, wojambula zithunzi, ndi mtsikana wina wovala ovolosi, amene ndinadzamva pambuyo pake kuti ndi Tiyamike wa ku Ludzi, mwini wa chibolibolicho. Ankabwera akuyenda chambuyo, akufotokozera alendowo mwansangala.

"Ichi ndinachitcha Chitunda cha ku Kachebere. Ndi bambo anga, anatilera ndi njinga, kunyamula katundu wa anthu kupita naye ku boda. Tayala ladzuka chifukwa cha kulemera kwa katunduyo, ndipo mukasuzumira pabowo la pachifuwa muona msewu umene unawathera mphamvu..."

Anatembenuka kuti aloze.

"Bowo langa lili kuti?"

Ine thukuta lili kamukamu. "Ndatseka, mayi. Musadandaule, ndi ulere."

"Wakutumani ndani? Nanga pentiyu? Bambo inu, dzimbiri limene lija ndinachita kulidikira dzinja lonse!"

Kudikira dzimbiri? Ine moyo wanga wonse ndakhala ndikulimbana nalo, kodi pali anthu ena amalilima? Pamenepo m'pamene zinayamba kundilowa kuti palibe lole imene inagunda kanthu pano.

Mkulu wina wa imvi, pofuna kuziziritsa zinthu, anandiyandikira n'kutambasula dzanja. "Pepani bambo, tidziwane kaye. Ndinu ndani?" Tsono inu mukudziwa mmene tinaleredwera. Munthu wamkulu supereka moni ndi dzanja limodzi, lamanja limapita, lamanzere limagwira pachigongono, mawondo n'kupindika pang'ono. Thupi linangochita lokha mutu usanavomereze.

"Ndine Phiri, bwana, wowotcherera, shedi yanga ili kuseri kwa..."

Sindinamalize. Girisi wanga anagwira ntchito, abale! Bambo a Tiyamike ananyamuka, poyamba pang'onopang'ono ngati munthu wotsanzika, kenako liwiro la mtondo wadooka, matumba a malata akulira, amayi ogulitsa nthochi akubalalika, a masuti akudumphira uku ndi uku, ine pambuyo ndikukuwa, "Agwireni! Agwireni!" Agwire ndani munthu wa penti wamuwisi? Dalaivala wina wa ku Zambia anatulutsa mutu pawindo la lole yake n'kukuwa, "Imwe ba mudala, uyo muntu ali na pasipoti? Ayenda ku boda uyo!" Bambo a Tiyamike anakathera m'ngalande, mutu pansi, matayala m'mwamba akuzungulirabe, osalira ngakhale pang'ono. Ndisaname, kamtima kena kananyadira ntchito yanga.

Bwalo lonse linafa nako kuseka, kupatula Tiyamike. Anayang'ana m'ngalandemo nthawi yaitali, kenako anayang'ana ine.

"Bambo anga anapalasa njinga zaka makumi awiri, mvula ndi dzuwa, sanagwepo ndi tsiku limodzi lomwe. Mwawagwetsa ndinu."

Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo chibadwire, ndinalakalaka m'ngalandemo mukanakhala ine. Ndinavula chipewa n'kupepesa, ndipo sabata yonse yotsatira ndinali pabwalopo, iye akulamula, ine ndikumvera: kupala penti, kuboolanso chifuwa, kudzutsanso tayala, kupinda limu. Ndikamenya n'kuima, iye amvekere, "Pindaninso a Phiri, ikadali yowongoka." Ine mmisiri wa zaka zonsezi, kuphunzitsidwa kupinda ndi mwana wa dzulodzuloli! Dzimbiri lokha tinalisiyira mvula.

Dzina linamveka ndithu, mpaka ku boda monga ndinkafunira. Ntchito zikubwera tsopano, zobwerera kumudzi sizikunenedwanso, koma aliyense wobwera ndi geti lake amayamba ndi mawu omwewomwewo: "A Phiri, mukonze pokhapa ndalozapa, kwinaku musakhudze." Ndipo ine ndinalumbira, ngakhale ndipeze njinga itapindika pakati pa msewu, mwini wake akubuula pambali, hamala sinditulutsa ndisanafunse kuti, "Pepani akulu, mwagundidwa kapena ndi luso?"