Ndodo ya Mtendere Inandipeza Pamphumi

Chipsera chili pamphumi pangachi ndinachipata ndikuphunzitsa mtendere. Musaseke kaye.

Ndimaphunzitsa pa sekondale ina yoyendera cha ku Lisasadzi. Chaka chatha ndinapeza maphunziro aulere a pa intaneti oyanjanitsa anthu (aulere pakamwa pokha, bandulo ndinkagula ndekha), ndiye ndinapempha ahedi kuti ndiyambitse kalabu ya mtendere.

"Aphunzitsi, ndidzaonerera phunziro limodzi," anatero. "Likandigwira mtima, kalabu ikhalapo. Apo ayi, ana azikasewera mpira."

Muvidiyo ya maphunzirowo, mayi wina ankati okangana azilankhula mosinthana, wolankhulayo atagwira ndodo. Netiweki inathawa asanaonetse ndodoyo. Ine ndi nzeru zangazi ndinakasolola m'chigafa cha aneba ndodo yoyanikira fodya, yotalika kuposa ine.

Tsiku la phunzirolo, ahedi ali pomwepo, ndinapeka kasewero: ng'ombe za wina zapondaponda nazale ya fodya ya mnzake. Ndinasankha anyamata awiri a Fomu 3, Yamikani ndi Dalitso. Kalasi inangoti zii, ine n'kumati ndi ulemu. Osadziwa kuti ng'ombe za kwa Dalitso zinapondadi nazale ya bambo a Yamikani, ndipo mabanjawo sapatsana moni. Aliyense ankadziwa kupatula ine wobwera.

Yamikani anagwira ndodo, maso ali psuu.

"Ng'ombe zanu zinatigonetsa ndi njala chaka chonse."

Ndinatsinzinira ahedi monyadira, kuti aone luso la ana anga.

"Mpanda wanu unali wa mapesi, mumati zitani?" anayankha Dalitso.

"Dalitso, ulibe ndodo, sungalankhule," ndinamukumbutsa.

Mwana womvera uja anangodumpha kukaitenga. Anayamba kukokana, ine n'kulowa pakati ndi mawu ofatsa monga ankachitira mayi wa muvidiyo. Dalitso anaitaya mwadzidzidzi, ndodo n'kundipeza pamphumi, khoo. Manyazi anandipweteka kuposa bala.

Anandithamangitsira kuchipatala anyamata omwewo pa njinga imodzi, wina akukankha, wina atandigwira. Njira yonse ankanong'onezana, kugwirizana bodza loti akanene kwawo.

M'mawa mwake ahedi anayang'ana bandeji yanga nthawi yaitali.

"Anyamata aja abwera limodzi akucheza. Kalabu ikhalepo. Koma magazi anu akwana, aphunzitsi, kapena tizisinthana?"

Kalabu ilipo mpaka lero. Masiku ano wolankhula amagwira chitsononkho, ndipo ine ndimayanjanitsa nditaima pafupi ndi chitseko.