Tsiku Lomwe Ndinalowera pa Windo la Apongozi

Anzanga, musanandimalize ndi nkhani zopotoka zomwe mwatola pa msika wa Milonde, lekani ndifotokoze ndekha, poti amene anang'ambika buluku ndi ineyo.

Mukundidziwa, ndine munthu wa mafilimu. Loweruka tikaweruka kothyola tiyi, ine ndi mnzanga Malizani timalowa m'kanyumba ka vidiyo pa Milonde, ndipo nthawi zonse timatuluka tikutukwana. Mafilimu a masiku ano! Pakhomo akumatirani chithunzi cha ndege ikuyaka moto, mukalowa mupeza anthu awiri akukambirana m'khitchini mpaka matako achita dzanzi pabenchi. Ina ija munthu anamuwombera kasanu, iye n'kudzuka, n'kukonza kolala. Ina inangotha osatha, malembo basi kuyamba kukwera, ife kumafunsana ngati magetsi azima. Koma ngakhale amandikhumudwitsa chonchi, ndinkalengeza ponseponse, mokweza, kuti mwamuna weniweni amaonera filimu, masewero a pa kanema ndi za amayi osowa chochita.

Tsono ine ndili pachikamwini. Kanema pakhomo pathu ndi mmodzi, wa sola, ndipo ali m'nyumba ya apongozi anga aakazi. Mwambo mukuudziwa: zaka zisanu ndi ziwiri sindinakhalepo nawo m'chipinda chimodzi, tikakumana panjira mmodzi amapatukira m'chinangwa, ndipo mawu aliwonse amadzera mwa mkazi wanga, mayi a Chifundo. Ulemu umenewo ndi chuma chokhacho chomwe ndili nacho pamudzi paja. Ntchito yanga Lamlungu masana, amayi akadzaza m'nyumba kuonera sewero lawo, inali kuima panja n'kugwira nsungwi ya eriyo ya kanemayo, chifukwa mphepo yochokera kuphiri imaitembenuza.

"Zungulizani pang'ono, bambo a Chifundo! Basi, pomwepo, musagwedezeke!"

Ine kumang'ung'udza kuti anthu amve. Koma nsungwiyo ili pafupi ndi windo, ndipo diso silimva malamulo. Sabata yoyamba ndinangosuzumira. Sabata yachitatu ndinali nditadziwa kale kuti Esinala, mtsikana wogulitsa mandasi m'seweromo, mwamuna wake akumubisira mkazi wina ndi mwana ku Limbe. Abale, zinthu zija zimakoma! Anthu ake amayankhula ngati ife, amakangana za mchere ndi sopo ngati ife, palibe wowomberedwa kasanu. Ndinkathyola tiyi sabata yonse mtima uli kwa Esinala, pakamwa ndikunyozabe.

Linafika Lamlungu la gawo lomaliza. M'mawa Malizani anabwera kudzanditenga, akuti kwabwera filimu ya nkhondo yeniyeni. Ine ndinafunda bulangete mwachangu n'kubuula: "Achimwene, pitani nokha, malungo andigwira." Atapita ndinadzuka wamphamvu ngati ng'ombe. Cholinga changa chinali chabwinobwino, kugwira nsungwi monga mwa masiku onse n'kuona mathero mwakachetechete. Ndinalakwira ndani pamenepa?

Vuto linali lakuti tsiku limenelo amayi anadzaza mpaka ena kuimirira, mitu yawo inanditchinga. Ndinayang'ana uku ndi uku, ndinaona mtondo wa apongozi uli pakhonde. Inu mukudziwa kuti mwamuna saukhalira n'komwe mtondo. Ine ndinaugadabuza n'kupondapo ndi nsapato zonse ziwiri. Apo ndiye ndinaona bwino, ngati ndalipira mpando wakutsogolo!

Mwamuna wabodza uja anagwada pamaso pa Esinala, misozi yabodza ili mbwee. Esinala anayamba kufewa, ndikumuona ndithu nkhope ikusungunuka. Ine m'maso munadzaza madzi, inde, ndinalira, lembani. Ndinasiya nsungwi kuti ndipukute nkhope, mphepo n'kuitembenuza, chithunzi n'kuyamba kudukaduka pomwe Esinala amatsegula pakamwa kuti ayankhe. Ndinaiwala kuti ndine mkamwini, ndinaiwala kuti ndikudwala malungo, ndinalowetsa mutu pawindo n'kukuwa:

"Esinala, usamukhululukire galu ameneyo! Mwana wa ku Limbe uja wamuiwala?"

Mitu yonse inatembenuka. Pofuna kubwerera m'mbuyo, mtondo unagubuduzika n'kundithawa, ine n'kutsetserekera mkati mpaka m'chiuno, buluku n'kukodwa pamsomali, kwee! Kunja nsungwi inagwera pakhola la nkhuku, nkhuku kubalalika, kanema kuzimiratu. Ndinatsala lende, miyendo panja, mutu mkati, ndipo nditatsegula maso ndinaona mapazi omwe ndakhala ndikuwathawa zaka zisanu ndi ziwiri ali pamphuno panga penipeni. Apongozi anadziphimba kumaso ndi chitenje monga mwambo umanenera, koma mapewa awo ankagwedezeka.

Mukuganiza kuti zinathera pomwepo? Kumbuyo kwanga, kumene kunali kong'ambikako, ndinamva mawu a Malizani. Munthu wachifundo uja filimu inamukhumudwitsa, anatuluka pakati n'kugula mandimu kudzazonda wodwala.

"Achimwene," anatero, "malungo akewa ndi a mtundu wanji, olowera pawindo?"

Amayi aja anaseka mpaka ena kugona pamphasa. Mayi a Chifundo anandikoka malaya, Malizani anandikankha miyendo, ndinagwera pakati pa nyumba yomwe sindinaipondepo chikwatirireni. Ndinagwada pomwepo, maso pansi, ndikudikira kuti andiuze ndilongedze katundu wanga ndibwerere kwathu. Mantha anandigwira zedi, ukwati umatha ndi zochepa kuposa izi.

Apongozi anatembenukira kukhoma, n'kuyankhula ndi mwana wawo ngati ine kulibe.

"Auze bambo a Chifundo kuti ife tinadziwa kalekale. Akuganiza kuti kanemayu tinamutembenuzira kuwindo mwezi wathawu chifukwa cha dzuwa? Timawamva akufwenthera panjapo Lamlungu lililonse. Za mtondo apereke tambala. Koma mlandu waukulu ndi wakuti atimana mathero, mudzi wonse sukudziwa ngati Esinala anakhululuka."

Tambala ndinapereka, nsungwi ndinaikhomera ndi misomali inayi. Ku esiteti dzina langa linafa, ngakhale akapitawo poitana mayina amangoti, "Esinala alipo?" Ndipo Lamlungu lotsatira, sewero latsopano likuyamba, ndinapeza kampando kataikidwa panja pansi pa windo, katani atapindira pambali.

Ndalumbira, anzanga: mtondo sindidzakweranso, ndipo chomwe ndimaonera mobisa sindidzachinyozanso pagulu. Koma ngati alipo pakati panu amene anaona mathero aja, chonde andiuze. Anamukhululukira galu uja?