Amene waima pambali pa Tadala

Lolemba

Edisoni Kamwendo. Ndayamba ndi dzina lake kuti kope ili limudziwe. Ndine ndinamuphunzitsa kugwira kamera ku Ntcheu, nthawi imene maukwati onse a pa boma ankajambulidwa ndi ine. Loweruka lina ndinadwala malungo, ndinamubwereka kamera kuti akandijambulire ukwati umodzi. Umodzi! Nditachira ndinapeza maukwati onse ali ake. Iye anatsegula situdiyo, ana ake anapita ku yunivesite. Ine ndinathera pa geti, kulondera sitolo ku Limbe.

Lero ali kuno kwa azungu, ku Leeds, kwa mwana wake dokotala. Ine ndili kuno ku Wakefield kwa Tadala, mwana wanga wotsiriza, nesi. Dziko lonseli kukula kwake, munthu n'kudzakhala pafupi ndi ine chonchi.

Tadala akukwatiwa Loweruka ndi Mphatso. Komiti ya ukwati yakumana pabalaza pathu. Awerenga mtengo wa wojambula wachizungu, mayi Phiri, wapampando, avula magalasi. "Bajeti yathera ku holo ndi chakudya." Kenako wina kumbuyo: "Nanga a Kamwendo aja? Mwana wawo anawagulira chikamera chachikulu. Atijambula ulere."

Ndaimirira. Ndati mwana wanga ajambulidwa ndi ine.

Tadala: "Dadi, inu ndinu bambo a mkwatibwi. Ntchito yanu n'kuvala suti basi."

Ndati suti siletsa chala kudina. Avomera, poti wanganso ndi ulere.

Vuto laling'ono: ndilibe kamera.

Lachiwiri

Mvula. Ulendo wa m'mashopu a kaunjika. Mu shopu yachitatu ndaipeza, kamera ya filimu ngati yanga ija, ili pakati pa makapu ndi nsapato za anthu akufa. Ndaipukuta ndi mpango, ndadina. Khatcha! Kulira kwake komweko. Ndayang'ana kumbali kuti mayi wogulitsa asaone maso anga.

Filimu ndiye palibe. Ndazungulira mtauni monse. Pa shopu ina mtsikana waitana mnzake kuti adzaone kamerayo, ngati ndabwera ndi mkondo wa makolo.

Mphatso wafufuza pa foni yake. Akuti filimu ilipo, yoitanitsa, ifika sabata ya mawa. Ndiye kuti ifika mkwatibwi atavula kale diresi.

Kamera ili pawindo, pambali pa duwa la Tadala. Yakhala chokongoletsa.

Zimene ndili nazo:
diso la wojambula
suti
mawondo, koma lakumanzere lokha ndilo lodalirika

Lachitatu

Mphatso wandibwereka foni yake kuti ndiphunzire. Mnyamata waulemu, koma amafotokoza mofulumira ngati akuthawa galu.

Foni ilibe poika diso. Umaigwira patali ngati mbale yotentha, manja n'kumanjenjemera. Ndajambula tsiku lonse. Zotuluka:
chala changa, kasanu ndi kawiri
denga
bini ya aneba
Tadala akuyasamula
mphuno yanga, yaikulu, sindikudziwa kuti foni inatembenuka nthawi yanji

Kale filimu inali ndi malire, umaganiza usanadine. Pano chinthu chimadina chokha ukachipumira.

Masana Edisoni waika pa gulu la mpingo la pafoni zithunzi za ubatizo wa mwana wa winawake. Anthu amuthira timitima tofiira mpaka foni kutentha. Mayi Phiri alemba: "Manja odala, a Kamwendo!" Manja odala. Manja amenewo anali ogulitsa zitumbuwa pa depoti ndisanawaphunzitse ine!

Ndaziyang'ana bwinobwino zithunzizo kuti ndipeze cholakwa. Ndaziyang'ana kawiri. Mawa ndiziyang'ananso.

Lachinayi

Kuyeserera ku tchalitchi ku Leeds. Mayendedwe, poima, pokhala. Ine ndiyenda ndi Tadala kuchokera pakhomo mpaka kutsogolo, pang'onopang'ono, osathamanga ngati ndikupita kukagwira basi. Atero mayi Phiri.

Edisoni alipo. Ndani wamuitana? Kamera ili lende pamimba, kukamwa kwa kamerayo ngati chitini cha jamu. Tsitsi wadaya, lakuda bii. Wandiona, watambasula manja anthu onse akuona: "Aphunzitsi!"

Aphunzitsi. Amatero dala. Munthu akakubera n'kumakulemekeza pagulu, ukakwiya woipa umakhala iwe.

Ndaona kuti Loweruka adzajambula mobisa, anthu n'kudzafanizira zake ndi zanga. Ndapita kwa abusa. Ndawauza lamulo la ntchito yathu, limene ku Ntcheu aliyense ankalidziwa: ukwati umodzi, wojambula mmodzi. Wina aliyense manja m'thumba, kutchalitchi ndi kuholo komwe. Abusa akondwa kwambiri, akuti mafoni anawatopetsa kale. Adzalengeza okha.

Ndapambana!

Mu sitima pobwerera Tadala wandiyang'ana. Wangoti, "Dadi, mwaganiza bwino?" Ndati ndakhala ndikuganiza iye asanabadwe.

Lachisanu

Mphatso akuti foni aifuna mawa. Muli nyimbo, muli manambala a madalaivala, muli ukwati wonse. Ya Tadala inasweka galasi. Yanga ndi ya mabatani.

Ndakhala pampando. Wojambula mmodzi yekha wa ukwati wonse, wopanda chojambulira.

Cha m'ma 3 koloko, belu. Edisoni, chikwama paphewa. Tadala ndiye wamuimbira, ndikudziwa, ngakhale akukana. Waika kamera patebulo, watchera zonse. "Mungodina apa, aphunzitsi. Zina ichita yokha." Wamwa tiyi wanga, wadya mabisiketi anayi, wapita.

Ndailandira. Osati ngati chithandizo. Ngati chindapusa.

Ndayesa pakhomo. Yolemera bwino, ili ndi poika diso, manja akhazikika. Ndajambula bini ya aneba ija. Yatuluka ngati bini ya bwana.

Munthu ameneyu wakhala akudya timitima ndi kamera yojambula yokha.

Loweruka

Ndilembe msanga, mawondo akuwawa onse awiri.

Kutchalitchi. Abusa alengeza, mafoni onse alowa m'zikwama. Nyimbo yayamba. Ndagwira mkono wa Tadala, tikuyenda. Wafanana ndi malemu mayi ake mpaka ndaiwala zina zonse. Tafika pakati m'pamene ndamva kuti m'tchalitchi muli zii. Palibe khatcha. Kamera ili pansi pa benchi yakutsogolo pamene ndaisiya. Anthu onsewo manja m'thumba, monga ndinalamulira. Edisoni wapinda manja pachifuwa, akumvera lamulo kuposa onse.

Panja mvula yakata pang'ono. Lamba wa kamera akuphwanya duwa la pa jekete langa, duwa la bambo a mkwatibwi. Ndalivula, ndapatsa amene ali pafupi kuti andigwirire. Amene ali pafupi ndi Edisoni. Walibaya pa jekete lake, akuti kuti lisafote.

Chithunzi cha banja. Ndafoletsa anthu, aatali kumbuyo, azimayi mapewa kupendekeka, monga kale. Ndaika diso. Kumanja kwa Tadala kuli mpata. Wojambula weniweni sangadine pali mpata, chithunzi chimaoneka ngati mkamwa mogweluka dzino. Ndakuwa: "Edisoni, taima apo, unditsekere!"

Waima. Wakwana bwino, mwatsoka.

Tadala: "Dadi, apatseni kamera a Kamwendo, bwerani muime apa."

Ndati dikira.

"Dadi, chimodzi chokha."

Ndati kuwala kukutha.

Kachitatu wanena osamwetulira. Edisoni watambasula dzanja kuti alandire kamera. Ndaliyang'ana dzanjalo. Ndinalipatsapo kamera Loweruka lina. Ndikudziwa kuti iyi ndi yake, ndikudziwa. Koma chala chakana.

Ndadina. Mvula yayambanso, anthu athamangira m'magalimoto.

Kuholo ndagwira ntchito ngati mnyamata. Keke, ndajambula. Perekaniperekani, ndajambula chogwada, ndalama zikundigwera pamutu. Woyendetsa mwambo ataitana kuti bambo a mkwatibwi abwere adzavine ndi mwana wawo, ine ndinali pamwamba pa mpando kufuna pojambulira pabwino. Nditsike bwanji ndi mawondo awa? Anthu akuwomba m'manja, nyimbo ikupita. Mayi Phiri akankha Edisoni kuti pasakhale manyazi.

Amavina bwino. Ndamujambula kakhumi.

Lamulungu

Zithunzi zatuluka bwino. Ndilembe zoona: sindinajambulepo zokongola chonchi moyo wanga wonse. Komiti sinalipire kalikonse. Mayi Phiri akuti ukwati wotsatira adzandifunanso.

Mphatso wazitumiza kwa abale ake ku Zomba, amene sanathe kubwera ndipo sanandionepo. Kuyambira m'mawa foni yake ikungolira.

"Koma bambo a Tadala ndi bwana ndithu!"

"Tsitsi lakuda bii pa msinkhu umenewo?"

"Mwana watengera bambo ake mphumi."

Mphumi!

Mphatso walemba kuti asokoneza, koma mawu ake amira m'timitima. Amayi ake atumiza kale chithunzi cha banja chija kuti achikulitse, achiike mu felemu, chikapachikidwe pabalaza. Aliyense wolowa m'nyumba imeneyo azidzauzidwa kuti awa ndiwo apongozi a Mphatso.

Tadala wabwera masana kudzatenga sutikesi. Wakhala pambali panga, wadutsa zithunzi zonse chimodzichimodzi pa foni ya Mphatso. Wandipeza pa chithunzi chimodzi chokha: pa chitseko cha galimoto ya akwati, chithunzithunzi chopindika, kamera itaphimba nkhope. Wachikulitsa ndi zala, wachiyang'ana nthawi yaitali.

"Dadi, ana anga ndidzawaonetsa chiyani?"

Wandikonzera kolala, wapita. Kujambulanso sikutheka: diresi ndi yobwereka, ibwezedwa mawa m'mawa.

Kamera ili patebulo, mwini wake adzaitenga Lachiwiri. Sindimenyana nayenso. Ndakalamba, ndipo amene anamuimika pamenepo ndine, ndi pakamwa panga.

Koma ndisanafe ndikufuna chinthu chimodzi. Edisoni Kamwendo akhale pampando uwu, atenge foni, aimbire amayi a Mphatso ku Zomba, ine ndili pomwepo ndikumva, anene yekha kuti mwanayo si wake.