Mbale Yaukwati ndi Zilembo Zinayi

Lolemba, 3 Juni 1957. Alipo kwathu ku Manja: ine, a Zuze, a Fatchi atelala, a Likaka amesenjala. Nyuzipepala yomwe andikulungira sopo ku Limbe ili ndi chithunzi cha Akazaki, anthu oweta akavalo, akuphunzira za Atchaina oyandikana nawo. A Fatchi akuti, "Oweta akavalo atipose ife a m'tauni?" Tikuyambitsa Bungwe Lophunzira za China. Aphunzitsi ndi a Zuze, anaphikirapo Mtchaina ku Beira. Buku tilibe, koma mbale yaukwati ya akazi anga ili ndi zilembo zinayi za Chitchaina kunsi. Saidyera, saibwereketsa. Ali ku Chikwawa mpaka Lamulungu.

Lachiwiri. Tikukopera zilembo pamchenga. A Likaka akuti choyamba ndi khola, chachiwiri ndi munthu wagwa panjinga. A Zuze akuulula kuti kuwerenga sadziwa. "Bwanayo ankangondikalipira."

Lachitatu. Phunziro la kudya ndi timitengo tansungwi. Mpunga wa akazi anga, makapu awiri. Wofika pakamwa: pang'ono. Nkhuku zakhuta.

Lachinayi. Mbiri ya mpunga yamveka. Ophunzira khumi ndi mmodzi, ena abwera ndi ana. Zilembo palibe akuziyang'ana. A Zuze akatembenuka, onse akudya ndi manja. Makapu asanu.

Lachisanu. Mpunga watha. Ophunzira anayi. A Fatchi akukweza mbale kudzuwa kuti aone bwino, manja ali ndi mafuta a makina osokera. Zidutswa zitatu. A Likaka akuti, "Tsopano buku lili m'magawo atatu, aliyense atenge lake." Tikuseka mpaka misozi. Ine ndikusiya msanga.

Loweruka. Ndikuyenda masitolo onse a ku Limbe. Yofanana nayo kulibe. Tikumata ndi utomoni. Khola lija lakwera pamwamba pa njinga.

Lamulungu, 9 Juni. Akazi anga afika. Akuyang'ana mbale, akuyang'ana ine, akuyang'ana nkhuku zonenepa. "Ndiye mwaphunzira chiyani, bambo?" Ndikutola njere ya mpunga yotsalira m'thumba ndi timitengo, ikufika pakamwa ulendo woyamba! Akuseka mpaka kugwira chitseko. Akuti ndidzadya ndi timitengo tomweti, ngakhale phala, kufikira nditabweza zawo. Bungwe latsekedwa.

Zotsala kubweza: mbale imodzi, mpunga makapu asanu ndi awiri.