Mayina Asanu

Lolemba

Ndafika kwa Mbenje masana, malaya atamatirira kumsana. Ababa andilandira ndi funso: "Kuli maliro?" Ndati ayi, ndabwera ndi ntchito. Zaka zinayi osaponda kuno, ndiye funsolo sindingalidandaule.

Ntchito yake nayi. Mwezi wamawa kuli msonkhano wa akatswiri a za kakhalidwe ka anthu, kunja kwa dziko, ndipo andilola kukayankhulako. Pepala lonse lifike Lamulungu likubwerali, apo ayi malo anga apatsa wina. Kuyunivesite anandiuza osapsatira: chaka chino chikatha wopanda pepala, ntchito yatha. Choipa n'chakuti chidule ndinatumiza kalekale, kulonjeza zotsatira za kafukufuku amene sindinamuyambe n'komwe.

Funso langa ndi limodzi: madzi akasefukira, ndi anthu asanu ati amene mungawaitane? Munthu aliyense akhala dontho, dzina lililonse mzere. Kompyuta ikalumikiza, tiona kuti mudzi umatsamira pa ndani: achibale, a mpingo, kapena eni mabwato.

Katundu:
mafomu makumi asanu ndi limodzi
zolembera zinayi
laputopu ya batire lofooka
chipewa

Lachiwiri

Kudoko m'mamawa, asodzi akuchokera kudambo. Ndiyamba ndi kuwerenga mokweza mawu a chilolezo, monga malamulo a kafukufuku amafunira: palibe malipiro, palibe kukakamiza, ndipo aliyense atha kutenganso fomu yake nthawi iliyonse. Palibe akumvera, maso onse ali pa milamba.

Woyamba ndi a Zuze, msodzi wamkulu amene ankapalasa bwato limodzi ndi ababa. Atchula mayina atatu, akanda ndevu nthawi yaitali, kenaka awiri ena. Mayankho oganizira chonchi ndiye ndikuwafuna. Mafomu asanu ndi awiri lero. Mtima uli m'malo.

Lachitatu

Ndikudzuka, pabwalo pa ababa pali mzere wa anthu mpaka kumsewu. Ena achokera kutsidya, zitupa zili m'manja, ana kumsana.

Poyamba ndasangalala, chitsiru ine. Ndazindikira pamene mayi wina, atatchula asanu, wafunsa ngati angalembetse enanso kuseri kwa pepala. Kuno munthu wa mafomu wofunsa za madzi osefukira n'kumalemba mayina amadziwika ntchito yake: ndi wa kalembera wa chithandizo. Ine ndinabadwira konkuno, ndinaimapo pamzere wotere ndi thumba lopanda kanthu, koma digiri yandiiwalitsa.

Olembedwa lero, mwa ena:
khanda la milungu itatu
agogo ena amene anamwalira chaka chatha
munthu amene ali ku Joni
a Zuze, kawiri, abweranso kudzakonza mayankho awo

Ndikuti, "Si chithandizo ichi." Akuti, "Takhuta, takhuta," kuthokoza m'Chisena, n'kupitiriza kutchula. Mafomu atha nthawi ya nkhomaliro isanakwane.

Lachinayi

Tsiku lonse pa grosale pamene amatchaja mafoni, kulowetsa mayina. Kutentha kwake, laputopu yazima kawiri.

Chithunzi chatuluka. Aliyense walumikizana ndi aliyense. Palibe wapakati, palibe wakumphepete. Anthu amene sanalonjerane chiyambire mlandu wa dimba atchulana mayina, chifukwa anapangana: iwe unditchule, ine ndikutchule. Ndawaonetsa ababa. Ayang'anitsitsa, akuti, "Ukonde ukapiringizana chonchi timangodula."

Ndalembera a Pulofesa anga kuwafotokozera. Yankho lawo: "Zosangalatsa kwambiri. Yeretsa manambalawo." Ndiyeretse chiyani, poti palibe amene wanama dzina? Anthuwo alipodi, kupatula agogo aja, ndipo njala yawo ndi yeniyeni.

Ndikhoza kufufuta mizere ina mwakachetechete, chithunzi chikongole. Kumsonkhano palibe angadziwe. Ndaganizira zimenezi kwa ola lathunthu, ndipo ndikuchita manyazi kulemba kuti linali ola lathunthu.

Lachisanu

Ndaitanitsa anthu kudoko kuti tiyambirenso, ulendo uno zoona zokhazokha. Ndafotokoza m'Chimang'anja, ndabwereza m'Chisena changa chotsimphina: kulibe ufa, kulibe matenti, kulibe galimoto ikubwera.

Kenaka Mai Fombe, ogulitsa nsomba zowamba, amene nyumba yawo inapita ndi madzi ndipo mpaka lero akugona m'chisakasa, afunsa mwaulemu: "Ndiye mayina athuwa mukawapatsa ndani?"

Ndati anthu ophunzira, akumsonkhano.

"Akawerenga atani?"

Ndati afunsa mafunso, kenaka aomba m'manja.

Sanakalipe. Angotambasula dzanja: "Paja munati munthu atha kutenganso pepala lake." Kani amamva! Ndawapatsa. Ena onse atsatira, mmodzimmodzi, mwadongosolo, kuposa mmene anabwerera. A Zuze atenga awo onse awiri. Malamulo akuti wotenga fomu yake afufutidwenso mu kompyuta, ndiye ndafufuta. Zanditengera mphindi imodzi, ntchito ya masiku atatu.

Mtima ukuwawa, koma amene alakwa sindikumuona, kupatula ine.

Loweruka

Sindinatuluke. Ababa akusoka ukonde pakhonde, akundiyang'ana cham'mbali. Masana akuti, "Bweretsa pepala lakolo. Ine ndikudziwa kuti kulibe ufa, ndikuyankha bwinobwino."

Mafomu anatha, ndajambula ina pamanja, mizere isanu. Ndawawerengera za chilolezo, amvetsera mpaka kumapeto, munthu woyamba kutero. Atchula osachedwa: a Zuze, chifukwa cha bwato. Mlamu wawo wa kumtunda. Mai Fombe. Mkulu wa mpingo. Mnansi wa kuseri, amene ali ndi ngolo.

Ndadikira, cholembera m'manja. Ayambiranso kusoka.

Wofufuza saloledwa kutsogolera woyankha, ndimaphunzitsa zimenezi chaka chilichonse. Komabe ndafunsa: "Nanga ine, ababa?"

Sanadzutse mutu. "Wati amene ndingawaitane madzi akabwera. Chaka cha madzi chija ndinakuyimbira tili pachulu, unati uli mumsonkhano, undiyimbira ukatuluka. Ukufuna ndikulembetse monga ankachitira anthu a pamzere aja?"

Ndati ayi. Ndathokoza, monga timachitira ndi woyankha aliyense.

Lamulungu

Belu la tchalitchi lalira, ababa apita, ine ndatsala. Ndalowetsa fomu imodziyo. Madontho asanu ndi limodzi, mizere isanu, chithunzi choyera bwino, chopanda bodza ngakhale limodzi. Pepala la msonkhano silingaime pa munthu mmodzi.

Ndalembera okonza msonkhano kuti malo anga apatse wina. Ayankha msanga, mwansangala, akuti tidzaonane chaka chamawa. A Pulofesa sindinawauze. Adzamva Lolemba, pamodzi ndi za ntchito.

Ababa abwerako, andipeza ndikulongedza. Aona pepala lawo pamphasa, alitola, aliyang'ana ngakhale sawerenga bwino. Akuti, mondichitira chifundo, pakanakhala mzere wina pansipa, mwina akanaganizira.

Fomuyo ndinajambula ndekha. Malo analipo ambiri.