Nyanja ya Mchere ya Dokotala Chimbalanga

M'chaka chomwe mabungwe akunja anatulukira kuti thanzi la munthu limadalira nyanja zikuluzikulu za mchere, mudzi wina wa kumtunda unazindikira kuti chitukuko chaulambalala. Thandizo lonse linkapita kwa okhala m'mbali mwa nyanja. Mwamwayi, mudziwo unali ndi Dokotala Chimbalanga, mwini chipatala cholipiritsa, yemwe udokotala wake anaupeza pa chikwangwani cholemba yekha.

Kuseri kwa chipatalacho kunali dzenje lotsala poumba njerwa, lodzaza madzi obiriwira. Dokotala anathiramo thumba la mchere, naitanitsa msonkhano, ndipo anthu pobalalika mudzi unali ndi nyanja. Iye anavomera modzichepetsa udindo wa Mtetezi Wamkulu wa Nyanja, Mafunde ndi Zamoyo Zonse Zam'madzi. Mlamu wake a Kamtedza, osadziwa kusambira, anakhala Mkulu wa Asilikali Apamadzi, ndipo Dokotala anawagulira wenzulo.

Nyumba yoyandikana ndi nyanjayo inali ya Nachanza, mayi wogulitsa zitumbuwa. Mwana wake wamkazi, Mwatitha, ankangoti kuchira malungo lero, mawa wagwanso. Kusukulu anali atayamba kumuiwala nkhope.

"Adokotala, udzudzu wa m'dzenje lanuli unditsirizira mwana," anadandaula Nachanza.

"Amake Mwatitha, samalani pakamwa. Si dzenje, ndi nyanja. Ndipo si udzudzu umenewo, ndi mbalame zam'nyanja."

"Mbalame zoluma?"

"Zikadali zazing'ono. Mwanayo mubwere naye, mankhwala alipo. Kodi simudziwa kuti azungu amakwera ndege kufunafuna mphepo yomwe inu mukupuma ulere?"

Kukadandaula kukomiti ya zaumoyo kunali kutaya nthawi, pakuti wapampando anali Dokotala yemweyo, ndipo khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Nachanza anadikira tsiku lomwe a Kamtedza anapita kuboma kukaphunzira za kayendedwe ka sitima zapamadzi. Anatenga khasu, naitana amayi anzake a ana odwaladwala, ndipo akuimba nyimbo za pamtondo anakwirira nyanja yonse, mafunde ndi zamoyo zomwe. Mwatitha anachira, masaya nabwerera.

Nachanza anamanga kathumba ka zovala n'kudikira apolisi. M'malo mwake kunabwera Dokotala, mano onse pamtunda.

"Mwatikweza, mayi! Chilengedwere dziko, palibe mudzi womwe nyanja yathunthu inauphwera. Akunja alira misozi. Akuti ndi kusintha kwa nyengo, ndipo atumiza thandizo loti tiibwezeretse."

Walira mvula walira matope, koma Nachanza analirira pouma n'kulandira chigumula. Kunafika thirakitala, nikumba nyanja yatsopano yotalika ngati bwalo la mpira. Madzi ankatutidwa pa ambulansi, odwala n'kumayenda pansi kuti asachedwetse ntchito ya zaumoyo. Mbalame zam'nyanja zinabwerera ndi abale awo.

Apa m'pomwe komiti inaona vuto lina. Malo a m'mbali mwa nyanja ndi apamwamba, ndipo sikoyenera kuti alendo olemekezeka azipeza wokazinga zitumbuwa pagombe. A Kamtedza anaimba wenzulo pakhomo pa Nachanza.

"Mwalamulidwa kusamukira kuphiri, kouma kuja, kopanda ngakhale chithaphwi. Chikhale chilango kwa onse odana ndi chitukuko."

"Kopanda ndi mbalame zomwe?" anafunsa Nachanza, akuyesetsa kuti nkhope ioneke yachisoni.

"Ngakhale imodzi. Mudzazisowa."

Anasamuka tsiku lomwelo, akuopa kuti komiti ingamuchitire chifundo. Kuphiriko Mwatitha anamaliza chaka chonse osajomba kusukulu.

Pamalo pa Nachanza, Dokotala anamangapo nyumba yakeyake ya khonde lalikulu loyang'ana kunyanja, ndipo madzulo ankakhala pamenepo atavula malaya, kupuma mphepo ya azungu. Mwezi usanathe, a Kamtedza anamupeza akunjenjemera m'mabulangete atatu, mano akuwombana.

"Musadandaule alamu, chipatala chanu chili pompano. Tikunyamulani."

Dokotala anadzambatuka ngati wachira, nagwira mlamu wakeyo pakhosi pa malaya.

"Mukufuna kundipha? Pezani galimoto, mundithamangitsire kutauni. Kuchipatala chenicheni!"