Apongozi ndi Gemu ya Njerwa

Kwathu ku Senga Bay kuli anthu amene mpaka lero akandiona amayamba kutsokomola pofuna kubisa phwete. Sindiwaimba mlandu. Bambo wa ana atatu, mphunzitsi amene amalalikira za ulemu kwa ana a eni sabata yonse, sayenera kuchita zimene ndinachita ine pakhonde la nyumba yanga dzuwa likuswa mtengo. Bola ndifotokoze ndekha, poti amene akufotokoza nkhaniyi kumsika akuthiramo nsinjiro zawo.

Ndili ndi kagemu kakale, kaja ka m'manja ka njerwa zogwa kuchokera kumwamba. Amene tinakulira limodzi mukukadziwa: kapulasitiki kotuwa, kagalasi kochepa ngati bokosi la machesi, mabatire awiri kumbuyo. Ntchito yake ndi imodzi basi, kusanja njerwa kuti mzere udzaze, ukadzaza uzimiririke. Kalibe mathero. Suwina, umangochedwetsa kuluza, ndipo ine ndimakakonda chifukwa cha chilungamo chimenechi. Magemu a pafoni a masiku ano ndi onyengerera. Ukangokhudza pang'ono akuombera m'manja, akupatsa nyenyezi zitatu, kenako akuuza kuti bandulo yatha. Kakaleka sikasekerera munthu. Njerwa yaitali imene wakhala ukuidikira imabwera utatseka kale dzenje lake.

Kagemuka kanali ka achimwene anga, amene anatisiya zaka khumi ndi chimodzi zapitazo. Anali asodzi, ndipo mwera ukavuta, mabwato ali pamtunda, ankakhala tsiku lonse pansi pa mtengo wa mango akudinadina. Ine ndinkaima kumbuyo kwawo kudikira kuti aluze ndigwireko, mpaka miyendo kuchita dzanzi.

Kamakumbukira chinthu chimodzi chokha, nambala yapamwamba kwambiri imene munthu anafikapo. Sikasunga dzina, sikasunga tsiku. Nambalayo imangokhala pakona pa kagalasi mpaka wina aipose, kapena mabatire achoke. Achimwene anasiya 48700. Zovala zawo tinagawana, ukonde unapita kwa ena, chithunzi chimodzi chomwe tinali nacho chinadyedwa ndi chiswe. Chopangidwa ndi manja awo chimene chinanditsalira chinali nambala imeneyi, ndipo ndikawasowa ndinkayatsa kagemuko n'kumangoiyang'ana.

Ndinaisamala ngati khanda. Wokonza mawailesi wina ku boma anandiphunzitsa kulumikiza mabatire ena ndi tiwaya ndisanachotse akale, kuti moto usaduke ngakhale kamphindi. Chivindikiro chakumbuyo chinathyoka kalekale, ndinkangomanga ndi mphira. Kusewera ndinkasewera, koma ndi lamulo loti achimwene sindidzawaposa. Ndikangodutsa 20000 ndinkaluza dala kuti ndisayandikire n'komwe (ndipo mumtima ndinkadzitama kuti ndine mng'ono waulemu).

Chaka chatha apongozi anga, amayi awo a akazi anga, anabwera kuchokera ku Lifuwu kudzakhala nafe sabata ziwiri. Mwendo unali utatupa, ndiye ankafuna kukhala pafupi ndi chipatala. Ife tinaleredwa mwakale. Apongozi sitikhala nawo mkeka umodzi, sitiwayang'ana m'maso, ndipo chinthu sitipatsana pamanja. Moni timapereka titanjuta chapatali, nkhani zina zonse zimadzera mwa mwana wawo. Zaka khumi ndi zisanu ndinasunga mwambo umenewu osaphonya.

Loweruka lina ndikuchokera kumsika, ndisanalowe n'komwe mumpanda, ndinamva kulira kumene ndingakuzindikire ngakhale ndili mtulo: tii, tii, tiriri. Kusuzumira, apongozi ali pamkeka pakhonde, mwendo atautambasula, magalasi ali pamphuno, kagemu ka achimwene kali m'manja.

Ndinazungulira kuseri kumene akazi anga ankatsuka mbale.

"Mayi a Tadala, kagemu kaja kafika bwanji kwa amayi?"

"Ndinawapatsa ndine. Amasungulumwa. Lero ndi tsiku lachitatu."

"Lachitatu?"

"Inu mumakhala muli kusukulu. Musadandaule, bambo a Tadala, palibe chimene chionongeke."

Ndinadzilimbitsa mtima. Munthu wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi awiri, woti ngakhale kuimba foni amachita kuthandizidwa ndi adzukulu, angafike pati? Komabe ndinalowa m'nyumba n'kukaima pawindo limene linali kumbuyo kwa mkekawo, n'kukweza katani pang'ono. Pakagalasi panali 31200.

Ndinali nditaiwala chinthu chimodzi. Mayi amenewa anatha zaka makumi atatu akulongedza usipa m'makatoni ndi m'madengu kupita nawo ku Lilongwe. Ndi munthu woti ankalowetsa katundu wa anthu asanu kumbuyo kwa minibasi, kondakitala ataima pambali manja ali m'chiuno. Kwa iwo njerwa zija zinali makatoni chabe. Ankazitembenuza kamodzi n'kuzigoneka, osasiya mpata ngakhale wolowa nyerere, chala osanjenjemera.

Choyamba ndinaganiza za tiyi. Ndinaphika ndekha n'kupempha akazi anga kuti akapereke. Apongozi anadina batani loimitsa gemu (limene ine ndinalitulukira nditasewera zaka ziwiri), anamwa tiyi wawo mofatsa, anathokoza, n'kupitiriza. 36000.

Chachiwiri ndinalowa kuchipinda n'kuwaimbira foni nditabisa nambala. Inde, ndinachita zimenezo. Ndinaimva ikulira pamkeka, kenako ndinamva mawu awo akuti, "Ngati ndi zofunika aimbanso." Ndinaimbanso. Anaivundikira ndi chitenje. Pobwerera pawindo ndinapeza 41000 itadutsa.

Chachitatu ndi chimene ndimachita nacho manyazi kwambiri. Ndinatapa chimanga m'thumba n'kuchiwaza kudzera pawindo, pafupi ndi mkeka, kuti nkhuku ziwasokoneze. Zinabwera zonse, ndi za aneba zomwe. Apongozi ankangoziingitsa ndi mwendo wabwinowo, maso osachoka pakagalasi. Njerwa zinali zitayamba kugwa mothamanga, pamene ife anthu wamba timayamba kutuluka thukuta, koma iwo anali akung'ung'udza nyimbo ya kumvano.

Ndinathamangiranso kuseri.

"Kawauzeni asiye. Chonde, afika pa 45000."

"Ndanena kuti musadandaule. Dikirani nditsirize mapotowa ndikufotokozereni bwinobwino."

Sindinadikire. Nditafika pawindo inali 47900. Ndinaona achimwene akufufutidwa ndikuyang'ana. Zimene zinatsatira ndimazikumbukira ngati anachita ndi munthu wina. Ndinatuluka pakhomo, ndinaponda mkeka wa apongozi ndi nsapato, ndinati, "Amayi, pepani," n'kutsomphola kagemuko m'manja mwawo.

Mphira ija inaduka. Chivindikiro chinauluka. Batire limodzi linagwera pachitenje cha apongozi, lina linagubuduka pamasitepe n'kukaima pakati pa nkhuku.

Kuseri kwa mpanda wathu kuli mathandala oyanikapo nsomba, ndipo tsiku limenelo panali amayi osachepera asanu ndi mmodzi akutembenuza usipa. Onse anaona. Anaona mkamwini akulanda apongozi ake chidole, anaonanso mkamwini yemweyo akukwawa pakati pa nkhuku kufunafuna batire. Linalo ndinalephera kulitola, poti linali pamiyendo pa apongozi. Anachita kuliika okha pansi n'kulikankhira kwa ine ndi chala. Ndinabwezera mabatire n'kuyatsa. Kagemu kanaimba kanyimbo kake mosangalala ngati palibe chachitika. Pakona paja panali ziro.

Ndinakhala pansi pomwepo, padothi, n'kulira. Pamaliro a achimwene ndinali wotanganidwa ndi matabwa ndi nkhuni, sindinalire choncho.

Akazi anga anafika thovu lili m'manja. Apongozi anatembenukira kumbali, monga mwa mwambo umene ine ndinali nditangoupondereza, n'kulankhula ndi mwana wawo motsitsa mawu.

"Uwauze bambo a Tadala kuti nambala ya malemu ndimaidziwa. Unandiuza tsiku loyamba lija. Ndikafika pa 48000 ndimaunjika njerwa pakati kuti gemu ithe. Dzulo ndinatero kanayi."

Akazi anga sanabwereze uthengawo. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Ndimati ndikufotokozereni."

"Uwauzenso kuti pepani," anatero apongozi. "Maliro satha tsiku loika."

Akanandikalipira bwenzi zili bwino. Kupepesa kwawoko kunandilasa kuposa chilichonse. Mawa lake ankhoswe anabwera, tinakhala pansi, ndinapereka tambala wopepesera. Apongozi anamulandira mwaulemu, ndipo atachira mwendo anapita naye ku Lifuwu, kumene ndikumva kuti anam'patsa dzina loti Batire.

Iwo atapita ndinaganiza zokonza zimene ndinaononga. Nambala ndikuidziwa pamtima, lamulo loluza dala latha, ndiye chovuta n'chiyani? Ndisewere mpaka 48700, ndiime pomwepo, zinthu zibwerere m'malo mwake. Ndinagula mabatire atsopano ndi mphira yolimba, n'kuuza akazi anga kuti pofika Lamulungu ntchito ikhala itatha.

Papita miyezi isanu ndi iwiri. Pamwamba penipeni pamene ndafikapo ndi 22400, ndipo tsiku limenelo ndinachita mwayi wa njerwa zazitali zitatu zotsatizana. Zaka zonse zija ndinkati ndikuwalekera achimwene chifukwa cha ulemu, chonsecho ndinkasiyira pamene mphamvu zanga zinkathera kale.

Akazi anga akuti titumize kagemuko ku Lifuwu, amayi atibwezerere nambalayo tsiku limodzi lisanathe. Ndakana. Imeneyo ikhala nambala ya apongozi. Bola ndizivutika ndekha, chifukwa nthawi iliyonse njerwa zikandikwirira ndisanafike ndi theka lomwe, ndimamva ngati achimwene aima kumbuyo kwanga akuseka, atatambasula dzanja kuti, "Bweretsa kuno, iwe." Ndipo ndimadikira kaye, osadina batani loyambiranso, kuti aimebe pomwepo pang'ono.